Dzanja la Misheck, Dzina la Brave

MUTU 6

1. Kampani yayankha

Mabatani a malaya Misheck anali atazolowera kumanga ndi dzanja lamanzere. Zingwe za nsapato ndizo zinkamukanika. M'mawa umenewo amayi ake, nyaGondwe, anagwada pakhonde n'kumumangira ngati mwana wa ku sukulu ya mkaka.

"Usandiyang'ane ndi nkhope ya chisoni," anatero. "Nyamuka. Tomato wanga akuola ku msika."

Misheck anali mnyamata wa zaka khumi, zisanu ndi zinayi. Mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino, choncho analowa ntchito pa fakitale ina yocheka matabwa kuti apeze poyambira n'kudzalembanso. Sanathe ngakhale chaka. Lachinayi lina macheka a makina anamudula zala zitatu za dzanja lamanja, n'kumusiyira chachikulu ndi chaching'ono.

Bala litayamba kuuma, anapita ku ofesi ya zantchito, kumene anthu amangoti ku leba, kukapempha chipukuta misozi. Tsopano linakwana tsiku lokamva yankho la kampani.

Anachoka ku Salisbury Lines mvula ikuwaza, matope akukakamira ku nsapato. Ku leba anawalandira Mayi Stella Nyirenda, amene ankayendetsa nkhaniyo.

"Monire, amama. Misheck, dzanja likupeza bwanji?"

"Likuyesera."

"Nkhani sinabwere bwino. Kampani yakana kulipira. Akuti tsiku limene unavulala sunali pa ntchito. Linali tsiku lako lopuma, ndipo unalowa m'fakitale popanda chilolezo."

"Ndiye zalazo anadulira m'khitchini mwanga?" anafunsa nyaGondwe.

"Sakukana kuti anavulalira kwawo, amama. Akuti pa makinawo panali mnyamata wina, Brave Longwe. Iyeyo wanena kuti anangochoka pang'ono kupita kuchimbudzi, ndipo pobwera anapeza Misheck akuseweretsa makina."

Misheck anasuntha pa benchi.

"Brave wanena zimenezo?"

"Wanena, ndipo wasainira. A Elton, kapitawo wanu, avomereza kuti ndi mmene zinalili."

"Mwina ndi Brave wina."

"Pa fakitale panu pali a Brave angati?"

Misheck anangoyang'ana bandeji.

"Nkhani sinathere pamenepa," anatero Mayi Nyirenda. "Ukhoza kuchita apilo kuti bwalo liunikenso. Koma nthawi ya apilo ili ndi malire. Ubwere sabata ino isanathe. Ubwere ndi zoona zonse, osati theka, ndiponso dzina la mboni imene ingaime n'kulankhula."

Atatuluka, nyaGondwe anatambasula ambulera n'kuyenda patsogolo. Anafika pa msewu.

"Ufa wanga," anatero pamenepo. "Ndi shuga wanga yemwe."

2. Kuimirirana

Nkhani ya ufa ndi shuga inayamba chonchi.

Pa fakitale paja, munthu akajomba ankadulidwa malipiro, ndipo akabwereza ankachotsedwa. Kampani inkalola tchuthi cha maliro a bambo, mayi, mkazi kapena mwana basi. Koma antchito anali ndi njira yawo, imene ankaitcha kuimirirana. Wina akaferedwa, mnzake amene ali pa tsiku lopuma ankavala ovolosi ya woferedwayo n'kukaima pa makina ake. Kapitawo ankachonga dzina la mwini ovolosi, n'kuyang'ana kumbali. Mabwana a ku likulu sankadziwa. Aliyense pa fakitale ankadziwa.

Lamulo la kuimirirana linali limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse: ndi za maliro zokha, ndipo za maliro munthu sakana.

Brave ndi Misheck anakhala pa desiki imodzi kuyambira Sitandade 5. Ankaimba kwaya imodzi. Ntchito ya pa fakitale imene, anamupezera Misheck ndi Brave.

Lachitatu madzulo, Misheck akukonzekera shifiti ya usiku, Brave anafika ku Salisbury Lines maso ali ofiira, ovolosi ili m'jumbo.

"Asibweni a ku Nkhata Bay atisiya," anatero. Ankanena amalume ake, mlongo wa amayi ake. "Tikuika mawa. Ase, undiimirire."

NyaGondwe analowa m'nyumba, natuluka ndi ufa m'kathumba ndi paketi ya shuga imene ankasungira Sabata. "Ukapereke kwa amayi ako. Uwauze kuti pepani chomene."

Brave atachoka, anatembenukira mwana wawo.

"Iwe ukugwira usiku wonse. Mawa ukuyenera kugona."

"Ndi maliro, amama."

Anagwira usiku wonse. Kutacha anavula ovolosi yake, navala ya Brave, naima pa macheka aakulu. Dzuwa lisanafike pamutu, maso anatsinzina kamphindi kochepa. Thabwa linapita, dzanja linatsatira.

Kuchipatala Brave anabwera kamodzi, ndi botolo la Fanta, osakhalitsa. Kuyambira pamenepo foni yake inkangolira.

3. Mawu a akulu awiri

Madzulo a tsiku la ku leba lija kunafika mlendo. Anali a Zebedee, amene ankanola macheka pa fakitale, munthu wa imvi amene antchito onse ankamutcha adada. Anatsamiritsa njinga pa khoma, nalandira tiyi, nayamba ndi za mvula. NyaGondwe anawalola kwa kanthawi.

"Adada, mvula taiona tonse. Mwabwera ndi chiyani?"

A Zebedee anaika kapu pansi n'kuyang'ana Misheck.

"Mwana wanga, kapitawo wandituma. Akuti ukasiya za apilo, pa geti pali malo a ulonda. Ulonda sufuna zala, umafuna maso. Uyamba mwezi wamawa. Uthenga wathera pamenepo. Zotsatirazi ndi zanga.

"Pa fakitale paja aliyense ali ndi kwawo. Wina ku Chitipa, wina ku Euthini, wina ku Usisya. Kampani imadziwa maliro a bambo ndi mayi. Sidziwa azakhali amene anakulera. Sidziwa apongozi. Ine ndinakaika mkulu wanga ku Rumphi chifukwa mnzanga anavala ovolosi yanga. Kukanapanda kuimirirana, bwenzi ndikumva pa foni kuti manda atseka.

"Tsono iwe ukakaima pa bwalo n'kunena kuti unagwira ntchito m'dzina la Brave, a ku likulu atseka khomo limeneli. Aika makina odinda chala pa geti. A Elton achotsedwa. Brave achotsedwa. Ndipo mawa wina akadzaferedwa n'kulephera kupita, adzatchula dzina lako, ndipo sadzalitchula bwino.

"Brave wanama, sindikukana. Koma ndi mwana woferedwa amene anachita mantha. Munthu wochokera ku manda timamukhululukira zambiri. Tenga ulonda, mwana wanga. Udye pang'ono, koma udye ndi anzako."

Anamaliza tiyi, nathokoza kuti yewo, nakankha njinga yawo m'matope.

NyaGondwe anatola kapu, natsanulira zotsalira pabwalo.

"Wawamva. Ndi munthu wabwino, ndipo sananame. Tsopano undimve ine, chifukwa sindibwereza.

"Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimakhala pa msika, ndipo ndimadziwa wina akamandiikira tomato wabwino pamwamba, woola pansi. Ulonda umenewo uli pati? Uli pakamwa pa a Elton. Pakamwa pomwepo ndi pamene patuluka mawu akuti unalowa m'fakitale ngati wakuba. Nthawi ya apilo ikadzatha, adzaona kuti mlonda wa zala ziwiri sangagwire munthu, adzakuuza kuti zikomo, pita. Udzapita kuti? Kwa a Zebedee?

"Dzanja limenelo uli nalo mpaka imfa. Udzafunsira nalo ntchito, udzafunsira nalo mkazi, udzanyamulira nalo mwana. Ine sindidzakhalapo masiku onse kuti ndizikumangira nsapato. Mawondo anga ayamba kale kukana.

"Ndipo usaganize kuti ndikukuyeretsa. Unalakwa. Ndinakuuza kuti ugone, iwe unati ndi maliro. Munthu wa tulo sayandikira macheka, maliro akhale a ndani. Ukapita ku apilo, ukanene zimenezonso, osabisa mbali yako. Koma kulakwa kwako ndi tulo ndi chifundo. Si kuba, si masewera. Usalole akulembe chitsiru chosewera ndi makina pofuna kuti anthu ena agone bwino.

"Basi. Dzanja ndi lako, sankha wekha. Ine ndatopa."

Misheck anakanda m'mphepete mwa bandeji.

"Ndikamuona kaye Brave," anatero. "Ngati anachita mantha, andiuze pamaso. Akapepesa, nditenga ulonda. Anali ndi maliro, amama."

"Pita," anatero nyaGondwe. "Uvale nsapato zopanda zingwe."

4. Munthu wa pansi pa minibasi

Mawa lake Misheck anayenda wapansi kupita ku Chibanja. Anasankha nthawi ya nkhomaliro, podziwa kuti Brave amabwera kudzadya kunyumba.

Pabwalo la nyumba ya a Longwe panaima minibasi yoyera, tayala limodzi lili pambali. Pansi pake panatuluka miyendo iwiri yonenepa, ndipo mwini miyendoyo ankaimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, mosalabada za mawu ake.

"Odi."

"Odini, kaya ndinu ndani. Tandipatsani sipanala ili pa mwalapo."

Misheck anatola sipanala ndi dzanja lamanzere n'kuipereka. Patapita kanthawi munthuyo anadzikoka n'kutuluka. Anali bambo wa dazi, wa mimba, girisi ali mpaka m'makutu. Anaona bandeji n'kugwedeza mutu.

"Mwe, mnyamata. Chakuluma ndi chiyani?"

"Makina."

"Pepa chomene. Makina alibe m'bale. Iyinso," anamenya minibasi ndi chikhatho, "tsiku lina idzandigwera. Ukufuna ndani?"

"Brave."

"Abwera posachedwa, bwana dalaivala. Ndiwe mnzake? Ine ndine asibweni ake, Amon. Ukakwera ya ku Nkhata Bay n'kumva dalaivala akuimba, ndine ameneyo."

Misheck anayang'ana bamboyo kuyambira ku dazi mpaka ku mapazi.

"Ndinu asibweni ake ena?"

"Ena ati? Ife tinabadwa awiri, ine ndi amayi ake. Sibweni ndi mmodzi, ndipo ndi uyu wadzola girisiyu. Bwanji, sanakuuze za ine? Mwana wosayamika. Chiwongolero chimene akunyadira lero anamuphunzitsa ndani?"

"Chiwongolero?"

"Sunamve? Akuyendetsa lole ya kampani tsopano, wachoka ku utuchi. Malo anatseguka, anati akufuna wa layisensi. Ine ndinati mwana wa mlongo wanga sangaphonye. Tsiku la mayeso ndinataya ulendo wonse wa ku Nkhata Bay chifukwa cha iye. Ndinamutenga m'mamawa, tinazungulira, tinabwerera chammbuyo mpaka khosi kuwawa. Ndipo anakhoza kamodzi n'kamodzi. Ndinati tiye ndikugulire chipisi. Tikudya choncho, foni yake inalira. Akuti ku fakitale kwachitika ngozi, mnyamata wina macheka amu..."

A Amon analeka. Anayang'ananso bandeji, nthawi ino mosafulumira.

"Chipisi sanamalize," anatero motsitsa mawu. "Ndinadya ndine."

"Linali Lachinayi," anatero Misheck.

"Linali Lachinayi."

"Ndinavala ovolosi yake. Amayi anga anapereka ufa ndi shuga."

"Za chiyani?"

"Za maliro anu."

A Amon anatsegula pakamwa ngati aseka, koma kuseka sikunabwere. Anakhala pa tayala lija, natenga kansanza, nayamba kupukuta zala chimodzichimodzi.

"Ndinafa ndi chiyani?" anafunsa.

"Sananene. Anangoti mwatisiya."

5. Brave alankhula

Brave analowa pa mpanda akuzunguza makiyi pa chala. Anavala jekete yonyezimira ya madalaivala, yatsopano, mizere yopindira ikuonekabe. Ataona awiriwo, makiyi analeka kuzungulira.

"Ase, Misheck. Bwanji osaimba foni?"

"Ndakhala ndikuimba."

"Ntchito, mwana. Tiye kuseri tikakambirane."

"Tikambirane pompano. Malemu amve nawo."

Brave anayang'ana asibweni ake. A Amon anapitiriza kupukuta zala.

"Chabwino," anatero Brave. "Ndikanati ndikupita ku mayeso a layisensi, a Elton akanandilola? Amalola za maliro zokha. Ndinalibe njira ina."

"Ukanawanamiza a Elton. Ine unandinamiziranji?"

"Ukanakana."

"Eya, ndikanakana. Ndikanakuuza kuti ndichezera usiku, pempha wina. Unadziwa kuti ndidzakhala ndisanagone. Unadziwanso kuti za maliro munthu sakana. Unabwera maso ali ofiira. Unathiramo chiyani?"

"Usandiyankhule ngati ndinakukankhira pa macheka. Unagona wekha."

"Ndinagona ndekha, m'dzina lako. Kenako unasainira kuti ndinkasewera."

"Anatiuza kuti tikapanda kutero tipita tonse, ine ndi a Elton. Aliyense akanachita chimodzimodzi." Brave anayandikira n'kutsitsa mawu. "Ganiza bwino, ase. Zala sizibwerera. Ndikachotsedwa ntchito, zimera? Tsopano ndili pa lole, ndizikuponyera kenakake. Ulonda umene uja, ukuganiza anakupemphera ndani? Ndine."

Misheck anadikira. Panali mawu amodzi amene anayendera ulendo wonse kuchokera ku Salisbury Lines kudzawamva. Brave anayankhula za lole, za alawansi ya ulendo wa ku Lilongwe, za mmene moyo wavutira. Mawu amodziwo sanatuluke.

"Ubwera ku leba ukanene zoona?" anafunsa Misheck.

Brave anaika makiyi m'thumba n'kuimirira mowongoka.

"Ine ndinali pa ntchito tsiku limenelo. Ndi zimene zalembedwa, ndipo ndi zimene ndidzanene. Ulibe mboni. Pa fakitale palibe amene adzatsegule pakamwa, ndipo asibweni sangaimire mlendo kusiya mwana wa mlongo wawo. Si choncho, asibweni?"

A Amon anapinda kansanza kaja bwinobwino, nakaika m'thumba. Sanayang'ane aliyense. Anagona chagada, nadzikokeranso pansi pa minibasi. Nyimbo sinamvekenso.

"Waona," anatero Brave. "Lowa tidye."

"Shuga wa amayi anga anakoma?"

Misheck sanadikire yankho. Anatuluka pa mpanda.

6. Siginecha ya kumanzere

Lachisanu m'mawa Misheck anadutsa kaye pa geti la fakitale. Sanalowe. Anapempha mlonda kuti aitane a Zebedee. Anyamata amene ankapakira matabwa anamuona n'kuyang'ana kumbali, kupatula mmodzi amene anakuwa kuti, "Bwana loya afika."

A Zebedee anabwera akupukuta utuchi m'nsidze.

"Adada, kunalibe maliro. Asibweni a Brave ali moyo, dzana ndinawapatsa sipanala. Iye anali ku mayeso a layisensi. Muwauze a Elton kuti ulonda apatse wina."

A Zebedee anatseka maso kanthawi.

"Mwana uja watiipitsira chinthu chabwino," anatero. "Koma a ku likulu sadzafunsa kuti maliro anali enieni kapena ayi. Khomo litsekeka kwa tonse. Anyamata awa sadzakupatsanso moni."

"Ndikudziwa."

"Ine sindingakuimire pa bwalo. Ndatsala pang'ono kupuma ntchito, ndili ndi zidzukulu."

"Sindinabwere kudzakupemphani zimenezo. Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa ena."

"Yewo," anatero a Zebedee. Anagwira phewa la Misheck, nabwerera ku macheka awo.

Ku leba Misheck anapita yekha. Anafotokoza zonse kuyambira pa ovolosi ya m'jumbo: za kuimirirana, za shifiti ya usiku, za tulo, za chipisi. Mayi Nyirenda analemba osamudula mawu.

"Ukudziwa kuti zina mwa izi zikukugwetsa iwe amene?" anafunsa. "Unagwira ntchito m'dzina la wina, ndipo unali wotopa. A kampani adzazigwiritsa ntchito. Sindikukulonjeza kuti upambana."

"Amayi anga anandiuza kale. Lembani zonse."

"Mboni?"

"A Amon. Amayendetsa minibasi ya ku Nkhata Bay. Anali ndi Brave tsiku lonse."

"Ndi abale ako?"

"Ayi. Ndi amalume a Brave."

Mayi Nyirenda anaika cholembera pansi.

"Avomera?"

"Sindinawafunse."

"Misheck, munthu ameneyo akadzaima pa bwalo n'kunena kuti sakukumbukira, watha. Ulondanso wautaya."

"Ndautaya kale m'mawa uno."

Mayi Nyirenda anamusunthira pepala. Misheck anagwira cholembera ndi dzanja lamanzere, napanikiza pepala ndi zala ziwiri zotsala za kumanja. Zilembo zinatuluka zazikulu, zopendama, ngati za mwana wa Sitandade 1. Zinamutengera nthawi. Mayi Nyirenda sanamufulumize.

Linali dzina lake, pa nkhani yake.

Pobwerera mvula inali italeka. Atakhota pa mjigo wa ku Salisbury Lines, anaona ana ataunjikana. Minibasi yoyera inaima pafupi ndi nyumba yawo, matayala atamira m'matope. Msewu umenewo galimoto sinkafikako.

Pakhonde panakhala a Amon, atasamba, atavala malaya a kutchalitchi. Pa miyendo pawo panali kathumba ka ufa ndi paketi ya shuga. NyaGondwe anaima pakhomo atapinda manja, ndipo tiyi sanapereke.

"Alendo ako," anatero. "Akuti abweza za maliro awo. Ine ndawauza kuti ufa si umene tikufuna."

A Amon anaimirira mwaulemu, zinthu zili m'manja.

"Wapita ku leba, mnyamata?"

"Ndapita."

"Watchula ndani?"

"Inu."

A Amon anapumira m'mwamba, nayang'ana ku minibasi. Pa mpando wakutsogolo panakhala mayi wofunda chitenje kumutu, ndipo chitseko chinali chitayamba kutseguka.

"Khala pansi," anatero a Amon. "Ine ndili ndi yankho langa. Koma mlongo wanga, amayi ake a Brave, anditsatira, ndipo akuti ndisatsegule pakamwa iwo asanalankhule nawe."